Windows ikukana kulowa, ndipo kompyuta ikuti hard disk ili pafupi kufa

Aphunzitsi ena a pa sukulu ya sekondale m'boma la Ntcheu atilembera motere:

"Ndili ndi laputopu imene ndinagula yogwirapo kale ntchito zaka 4 zapitazo. Kwa miyezi ingapo yakhala ikuchedwa kwambiri kuyaka, ndipo nthawi zina imangouma osayankha kwa mphindi zingapo. Mnzanga wa kuntchito anati ndi mavairasi, choncho tinagwirizana zoika Windows yatsopano kuchokera pa fulashi. Ulendo woyamba tinafomata gawo la C, ntchito inayamba bwino koma inaima pakati n'kunena kuti mafayilo ena sakukopeka. Ulendo wachiwiri panatuluka mawu akuti 'Windows cannot be installed to this disk. The disk may fail soon.' Ndikatchera khutu pafupi ndi laputopuyo ndimamva kaphokoso kogogoda ka apo ndi apo. Gawo la D sitinalikhudze, ndipo m'menemo muli mayeso amene ndakhala ndikulemba kwa zaka zambiri, malikisi a ophunzira ndi zithunzi za banja langa. Kodi pali njira yoikakamiza kuti ilandire Windows? Nanga mafayilo angawo atha basi?"

Aphunzitsi, khazikani mtima pansi, chifukwa zimene mwafotokozazi zikusonyeza kuti mwayi wopulumutsa mafayilo anu ukadalipo ndithu. Ngati pulogalamu yoika Windows ikutha kuiona disikiyo ndi kulandira chenjezo kuchokera kwa iyo, ndiye kuti ikuyankhabe, ndipo munachita bwino kwambiri kusiya gawo la D osalikhudza. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi lero lomwe: musayesenso kuika Windows pa disiki imeneyo, ndipo laputopuyo ikhale yozimitsa kufikira tsiku limene mudzakhale mutakonza zonse zofunika pokopa mafayilo. Njira zoikakamiza zilipo, ndipo ndizitchula kutsogoloku, koma funso loyenera kuyankhidwa poyamba ndi lachiwiri lija, la mafayilo. Windows mungaiike tsiku lililonse pa disiki ina, pamene mayeso amene mwalemba kwa zaka zambiri ali pa malo amodzi okha, ndipo malowo akuwonongekerabe nthawi iliyonse imene disikiyo ikuzungulira.

Kuti mumvetse chifukwa chimene ndikuumirira pa zimenezi, ndi bwino kudziwa zimene zimachitika m'kati mwa hard disk. Muli timbale tosalala topakidwa zinthu zogwira maginito, timene m'malaputopu ambiri timazungulira maulendo 5,400 pa mphindi imodzi, pamene m'makompyuta a padesiki nthawi zambiri ndi maulendo 7,200. Pamwamba pa timbaleto pamayandama kamutu kowerenga ndi kulemba, ndipo mpata wa pakati pa kamutuko ndi mbale ndi wochepa kwambiri moti kafumbi kamene maso sangakaone n'kokwanira kukanda pamwamba pa mbaleyo. Mbale iliyonse inagawidwa m'tizigawo tating'onoting'ono totchedwa ma sector, kalikonse kosunga mabayiti 512, kapena 4,096 m'madisiki ambiri a masiku ano. Opanga amasiyako tizigawo tina tapadera, kuti kagawo kena kakawonongeka disikiyo isamutsire zolembedwazo pa kapadera mwakachetechete, mwini wake osadziwa kanthu. Choncho disiki ikhoza kukhala ikudwala kwa nthawi yaitali koma ikugwirabe ntchito ngati kuti palibe vuto.

Zinthu zimaonekera poyera pamene tizigawo towonongeka tachuluka. Disiki ikafika pa kagawo kosawerengeka imayesa mobwerezabwereza, ndipo nthawi yonse imene ikuyesayo kompyuta imangodikira. Kumeneko ndiye kuuma kumene mwakhala mukukuona kwa miyezi. Mnzanuyo anaganiza zimene anthu ambiri amaganiza, pakuti mavairasi nawonso amachedwetsa kompyuta, koma vairasi sichititsa phokoso logogoda. Phokoso limenelo kawirikawiri limamveka pamene kamutu kalephera kupeza malo amene kakufuna, n'kubwerera poyambira kuti kayesenso. Tsono kuika Windows ndi ntchito yolemetsa zedi kwa disiki, chifukwa pa nthawi yochepa imalemba magigabayiti oposa 10, ndipo imadutsa m'malo amene mwina kamutu sikanafikeko kwa nthawi yaitali. Pa zaka zimene ndakhala ndikukonza makompyuta, ndaona madisiki ambiri amene akanatha kupereka mafayilo a eni ake bwinobwino, koma anaferatu chifukwa munthu anakakamira kuyesa kuika Windows mobwerezabwereza, akumaganiza kuti ulendo wotsatirawo zitheka.

Uthenga umene munauona uja Windows sinaupeke yokha. Pafupifupi disiki iliyonse ili ndi dongosolo lodziyeza yokha lotchedwa SMART, limene limawerengera tizigawo tosamutsidwa, zolephera powerenga, kutentha, maola amene yagwira ntchito ndi zina zotero. Opanga amaika malire pa zina mwa zimenezi, ndipo malirewo akapyoledwa disikiyo imauza kompyuta kuti yatsala pang'ono kulephera. Makompyuta ena amaonetsa chenjezo lomweli akangoyatsidwa, ndi mawu akuti "S.M.A.R.T. Status Bad, Backup and Replace", n'kupempha kuti mudine F1 kuti mupitirize. Chimene ndikufuna mudziwe n'chakuti chenjezo limeneli limabwera mochedwa. Mu 2007 akatswiri a ku Google anatulutsa kafukufuku wa madisiki oposa 100,000 a m'makina awo, ndipo anapeza kuti disiki imene yapezeka ndi vuto loyamba poyeza pamwamba pa mbale zake inali pa chiopsezo chofa pasanathe masiku 60 kuwirikiza ka 39 poyerekeza ndi disiki yopanda vutolo. Anapezanso kuti 36 mwa madisiki 100 alionse amene anafa sanaonetse chizindikiro chilichonse cha SMART. Tanthauzo lake kwa inu ndi ili: SMART ikakhala chete si umboni wakuti disiki ili bwino, koma ikalankhula iyenera kukhulupiriridwa.

Ndiyenera kunenanso, makamaka chifukwa cha owerenga ena amene Windows kapena Linux (pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta ngati Windows) ikuwakanira pakati poiika, kuti si nthawi zonse pamene wolakwa amakhala hard disk. Fulashi imene munaikapo pulogalamu yoikira ikhoza kukhala yowonongeka, kapena yachinyengo, yolembedwa kukula kumene ilibe, ndipo mafulashi otere ndi ambiri m'misika yathu. Pulogalamu yaulere ya H2testw imawatulukira mwa kulemba fulashi yonse ndi kuiwerenganso. Fayilo ya ISO, imene imakhala ndi pulogalamu yonse yoikira, ikhoza kuti inaduka poitsitsa pa intaneti yosakhazikika, ndipo zimenezi zimadziwika poyerekeza nambala yake yoizindikiritsa yotchedwa SHA-256 ndi imene opanga anaika pa tsamba lawo. RAM, malo amene kompyuta imasungamo kwa kanthawi zimene ikugwiritsa ntchito, ikawonongeka nayonso imasokoneza mafayilo pamene akumasulidwa, ndipo nambala ya vuto ya 0x8007025D kawirikawiri imaloza ku RAM kapena ku fulashi. Pulogalamu ya MemTest86+ ikasiyidwa ikuyenda usiku wonse imathetsa kukayikako. Uthenga wotchula MBR kapena GPT, zimene ndi njira ziwiri zogawira disiki, sukhudzana ndi kuwonongeka m'pang'ono pomwe, umangonena kuti kagawidwe ka disiki sikakugwirizana ndi mmene kompyuta yayatsidwira. Ndipo pa malaputopu ena atsopano a Intel disiki siioneka n'komwe pa mndandanda chifukwa choti pakusoweka driver ya Intel RST, kapulogalamu kothandiza Windows kuiona disikiyo. Zonsezi zimakonzeka popanda kugula disiki ina. Koma kwa inu, aphunzitsi, zizindikiro zitatu zikunena chinthu chimodzi: kuuma kwa miyezi ingapo, phokoso logogoda, ndi chenjezo lochokera kwa disiki yeniyeniyo. Fulashi yoipa singachititse zitatu zonsezi.

Tsopano tikambe za kupulumutsa mafayilo, ndipo pano ndichedwapo chifukwa m'pamene anthu ambiri amalakwitsa. Musanayatse laputopuyo pezani zinthu ziwiri: hard disk yakunja kapena fulashi yodalirika yokwanira mafayilo anu, ndiponso fulashi ina yoikidwa mtundu wa Linux monga Ubuntu kapena Linux Mint, imene mungaikonze pa kompyuta ya mnzanu ndi pulogalamu ya Rufus. Ubwino wa Linux wotereyu ndi wakuti amayenda kuchokera pa fulashi popanda kulemba kanthu pa disiki yanu. Mukayatsa kompyuta kudzera pa fulashiyo, pa Ubuntu sankhani "Try Ubuntu", ndipo musadine chilichonse chotchula kuika kapena "Install". Mukatero mudzaona magawo a disiki yanu pa pulogalamu yotsegulira mafayilo, ndipo gawo lija la D mudzalizindikira ndi kukula kwake kapena dzina lake, chifukwa Linux sagwiritsa ntchito zilembo za C ndi D. Sankhani nthawi imene magetsi akuyembekezeka kukhalapo, chaja ikhale yolumikizidwa, laputopu ikhale pa tebulo lolimba pamalo opita mphepo, ndipo isasunthidwe mpaka ntchito itatha.

Pokopa, musayambe ndi kusankha gawo lonse n'kulikokera ku disiki yakunja. Disiki yodwala ingathe kukupatsani ola limodzi kapena mphindi zochepa chabe, choncho nthawiyo iyenera kuthera pa zinthu zimene simungazipezenso kwina. Yambani ndi mayeso ndi malikisi, popeza mafayilo a Word ndi Excel ndi aang'ono ndipo amakopeka msanga. Kenako bwerani ku zithunzi za banja, foda imodziimodzi, kuyambira zimene mulibe pa foni kapena kwa achibale. Nyimbo, mafilimu ndi mapulogalamu zikhale zomalizira, ngati disikiyo idzakhale ikadali moyo. Fayilo ina ikaima osayenda, musaidikire kapena kuibwereza. Idumpheni, lembani dzina lake pa pepala, mupitirize ndi zina. Mukamaliza tsegulani mafayilo angapo kuchokera pa disiki yakunjayo pa kompyuta ina kuti mutsimikize kuti akutsegukadi, chifukwa fayilo ikhoza kuoneka ndi dzina ndi kukula koyenera koma m'kati mwake muli moduka. Ngati gawolo likupempha nambala ya BitLocker, ndiye kuti linatsekedwa mwachinsinsi, ndipo pakufunika nambala ya manambala 48 imene kawirikawiri imasungidwa mu akaunti ya Microsoft ya munthu amene anatseka. Popanda nambalayo kapena mawu achinsinsi ake palibe mmisiri amene angalitsegule.

Ngati mafayilo ambiri akukana, kapena gawolo silikutseguka n'komwe, lekani kukopa mwa njira wambayi. Chida choyenera pamenepo ndi GNU ddrescue, pulogalamu yaulere ya pa Linux imene imakopa disiki yonse kagawo ndi kagawo. Nzeru yake ndi yakuti imayamba yatenga malo onse owerengeka mosavuta, n'kumadumpha ovuta, kenako imabwerera ku ovutawo pomaliza, ndipo imasunga kafayilo kolemba pamene yafika kotero kuti magetsi akazima imapitiriza pomwe inalekera. Pamafunika disiki ina yokula mofanana ndi yodwalayo kapena kuposa. Ntchito yonse yofufuza mafayilo, kaya ndi pulogalamu ya TestDisk kaya ndi ya PhotoRec, imachitikira pa kope limenelo, disiki yodwalayo itapumitsidwa. Ndi mwa njira yomweyi mmene mungapezereko zina mwa zimene zinali pa gawo la C lomwe munafomata, monga mafayilo a pa Desktop ndi mu Documents, ngakhale kuti ena anafufutika pamene Windows yatsopano inayamba kulembedwa pamwamba pake. Ddrescue si ya munthu amene sanazolowere kulemba malamulo pa Linux, chifukwa mukasemphanitsa dzina la disiki yochokera ndi la disiki yopitako, mudzafufuta ndi manja anu zimene mumafuna kupulumutsa. Apa m'pofunika mmisiri amene anaigwiritsapo kale ntchito.

Pali malangizo ena amene mudzawamva ndipo ndikukupemphani kuti muwakane pa nthawi ino. Lamulo la chkdsk /r limawerenga disiki yonse kuyambira koyamba mpaka kumapeto ndi kusintha kaundula wa mafayilo, ndipo pa disiki yogogoda likhoza kuimaliza, kapena kudula mafayilo amene akanapulumuka. Mapulogalamu olonjeza "kuchiritsa" tizigawo towonongeka amachita zofananazo kwa maola ambiri, pamene mbale yokandika siingabwerere mwakale. Kuika disiki mu firiji kumabweretsa chinyezi pa mbale ndi pa mawaya ake. Kuigogoda kapena kuigwedeza kumagundanitsa kamutu ndi mbale. Kutsegula chivundikiro chake m'chipinda wamba kumalowetsa fumbi limene ndatchula lija. Ngakhale kuyeza kwakutali kwa SMART, kumene ndi kwabwino pa nthawi yake, kudikire mpaka mafayilo atatuluka. Ndipo chilichonse chimene mwapulumutsa chisalembedwe pa disiki yomweyo, ngakhale pa gawo lina.

Pali pamene muyenera kuleka kuyesa nokha. Ngati phokoso logogoda layamba kumveka mosalekeza kuyambira pamene mwayatsa, ngati disiki ikuzungulira n'kuima yokha, ngati ikulira mokwecha, ngati BIOS, pulogalamu ya mu bolodi imene imayamba kompyuta ikangoyatsidwa, yasiya kuiona kapena ikuonetsa kukula kolakwika, kapena ngati pamveka fungo la kupsa, zimitsani nthawi yomweyo. Zizindikiro zimenezi zimaloza ku kamutu, mota kapena bolodi ya magetsi, ndipo palibe pulogalamu imene ingathandize; kuyatsa kulikonse kumangokulitsa mikwingwirima pa mbale. Ntchito yotere imachitikira m'malabu okhala ndi chipinda chosefedwa mpweya, monga amene ali ku Johannesburg, ndipo mtengo wake nthawi zambiri umaposa wa laputopu yakale, choncho muyenera kuganizira mofatsa ngati mafayilowo akuyenera ndalamazo, komanso kufunsa kaye anzanu ndi a ofesi ya sukulu ngati alibe makope a mayeso ndi malikisi amene munawapatsapo. Mukapita kwa mmisiri wa m'tauni, muuzeni momveka bwino kuti mwabwera kudzapulumutsa mafayilo osati kudzaikitsa Windows, chifukwa ambiri anazolowera kufomata akangolandira kompyuta yochedwa. Mufunseni ngati ayambe ndi kupanga kope la disiki yonse; akapanda kumvetsa funsolo, pitani kwa wina. Popeza muli malikisi a ana a anthu ndi mayeso amene mwina sanalembedwebe, khalani pomwepo pamene akukopa, ndipo mafayilo apite pa disiki yanu, osati pa kompyuta ya mushopu.

Mafayilo akatuluka, mungathe kudzionera nokha mmene disikiyo ilili, ndipo ndi bwino kutero kuti musagule china mwa kungoganizira. Pa Ubuntu pulogalamu ya Disks ili ndi malo oonetsa za SMART, ndipo wodziwa malamulo angalembe smartctl -a /dev/sda. Pa Windows pali CrystalDiskInfo, imene imalemba Good, Caution kapena Bad. Mizere ndi yambiri, koma yofunika ndi yochepa. Nambala 5 imaonetsa tizigawo tosamutsidwa kale, nambala 197 imaonetsa tizigawo tokayikitsa timene disiki yalephera kuwerenga ndipo tikudikira kusamutsidwa, nambala 198 ndi 187 zimaonetsa zolephera zimene sizinakonzeke. Kampani yosunga mafayilo pa intaneti ya Backblaze, imene imayang'anira madisiki ambirimbiri, imatsatira mizere imeneyi pamodzi ndi nambala 188 pofuna kudziwa disiki yoti ichotsedwe. Yang'anani mbali yolembedwa raw, ndipo pa disiki yabwino mizere imeneyi imakhala pa 0. Nambala 199 ndi yosiyana: ikamakwera, kawirikawiri vuto limakhala pa kebulo kapena polumikizira, ndipo kuchotsa disiki n'kuilumikizanso bwino kumathetsa vutolo. Malaputopu ambiri alinso ndi zoyezera zawozawo, zimene pa HP zimapezeka podina F2 poyatsa, ndipo pa Dell zili pa mndandanda umene umabwera podina F12.

Tsopano ndibwerere ku funso lanu loyamba, la kuikakamiza. Ena amazimitsa chenjezo la SMART mu BIOS. Ena amafomata disiki yonse mwa njira yaitali, imene kuyambira pa Windows Vista imalemba maziro paliponse, kuti tizigawo tokayikitsa tisamutsidwe. Enanso amafufuza pamene pali malo owonongeka n'kudula gawo latsopano kutali ndi malowo. Nthawi zina njira zimenezi zimalola Windows kulowa, ndipo kompyuta imayenda kwa masabata angapo. Ine sindikulangizani kutero. Kuzimitsa chenjezo sikuchotsa matenda, ndipo ngati kuwonongekako kukuchokera ku kamutu kofooka kapena ku tizidutswa ta mbale yokandika timene tikuuluka m'katimo, malo abwino a lero ndiwo adzakhale owonongeka mwezi wamawa. Zili ngati kuthira chimanga chatsopano mu nkhokwe imene mizati yake yadyedwa ndi chiswe: ikhoza kuima lero, koma idzagwa ndi zokolola zonse pa tsiku limene simukuliyembekezera, ndipo kwa mphunzitsi tsikulo likhoza kukhala sabata yolemba malipoti a kumapeto kwa teremu. Disiki imene ili ndi tizigawo tosamutsidwa tochepa, timene sitikuwonjezeka kwa miyezi, yopanda tokayikitsa ndiponso yopanda phokoso, ingagwiritsidwe ntchito posungira mafilimu kapena zinthu zimene muli nazo kwina. Yanuyi inadutsa kale pamenepo.

Chothandiza ndi kugula disiki ina, ndipo ndikulangizani kuti mugule SSD, disiki yosunga zinthu m'tizipangizo ta magetsi monga mmene imachitira fulashi. Laputopu imene ili ndi hard disk yozungulira imalandira SSD ya SATA ya mainchesi 2.5, imene imalowa pamalo omwewo ndi polumikizira pomwepo, ndipo pa malaputopu ambiri akale kusintha kwake ndi kumasula masikuluu ochepa pansi, batire ndi chaja zitachotsedwa. SSD ilibe mbale kapena kamutu, choncho siopa kugwedezeka kwa pa minibasi kapena pa kabaza, ndipo laputopu imene imatenga mphindi zingapo kuyaka idzayamba kuyaka m'masekondi. Pa ntchito ya uphunzitsi ya 240 kapena 256 GB ndi yokwanira, ndipo ndi bwino kugula yaing'ono ya kampani yodziwika kusiyana ndi yaikulu ya dzina losadziwika yotsika mtengo modabwitsa, chifukwa chinyengo cha mafulashi chija chinafikanso pa ma SSD. Funsani risiti ndi warranty. Ngati ndalama zikukukakamizani kugula disiki yochotsedwa mu kompyuta ina, musalipire musanaone CrystalDiskInfo pamaso pa wogulitsayo: mizere ija ikhale pa 0, ndipo muonenso nambala 9 yoonetsa maola amene yagwira ntchito, pokumbukira kuti chaka chathunthu chili ndi maola 8,760. Dziwaninso kuti SSD nayo imafa, ndipo nthawi zambiri imafa mwadzidzidzi popanda phokoso kapena kuchedwa kulikonse, ndipo kupulumutsa mafayilo pa SSD yakufa n'kovuta kuposa pa disiki yozungulira. Choncho disiki yakunja imene mwagula populumutsira mafayilo ipitirize ntchito: muzikoperapo mafayilo a sukulu kumapeto kwa sabata iliyonse, ndipo mayeso ndi malikisi, popeza ndi aang'ono, muziwasunganso pa Google Drive kapena OneDrive, pakuti sadya data yambiri.

Poika Windows pa disiki yatsopanoyo, yakaleyo ikhale itachotsedwa, ndipo fulashi yoikira muikonzenso mwatsopano kuti musakayikire chilichonse. Za laisensi musade nkhawa kwambiri: malaputopu ogulitsidwa ndi Windows 8 kupita mtsogolo amasunga kiyi mu bolodi yaikulu, ndipo laisensi ya Windows 10 ndi 11 imamangirizidwa ku kompyutayo osati ku disiki, kotero ngati Windows yanu inali yovomerezeka idzadzitsegula yokha ikalumikizidwa ku intaneti, bola muike mtundu womwewo, Home kapena Pro. Koma ganizirani bwino za Windows imene mukuika. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 mwa nthawi zonse pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, RAM yosachepera 4 GB, malo osachepera 64 GB ndi purosesa yatsopanoko, imene kwa Intel nthawi zambiri ndi ya m'badwo wa 8 kupita mtsogolo. Laputopu imene inagulidwa yogwirapo kale ntchito zaka 4 zapitazo ikhoza kukhala yosakwanira zimenezi. Ngati ndi choncho, Linux Mint yomwe mwagwiritsa ntchito populumutsa mafayilo ija ndi yoyenera kuiganizira, chifukwa ndi yaulere, imalandirabe zokonza za chitetezo, imayenda bwino pa makina akale, ndipo LibreOffice imene imabwera nayo imatsegula mafayilo a Word ndi Excel, ngakhale kuti mayeso okhala ndi matebulo ovuta ndi zizindikiro za masamu amafunika kuwayang'ananso musanawasindikize.

Ngati batire ya laputopuyo inafa ndipo imazima magetsi akangothima, isintheni pamodzi ndi disikiyo. Kuzima mwadzidzidzi pamene disiki ikulemba kumasiya tizigawo tolembedwa theka ndi kusokoneza kaundula wa mafayilo, pa SSD ndi pa disiki yozungulira pomwe, ndipo kukachitika pakati pa kuika Windows mudzayenera kuyambiranso. Pemphaninso mmisiri kuti apukute fumbi pa fani ndi potulukira mpweya pamene watsegula pansipo, makamaka tikamayandikira miyezi yotentha ya October ndi November.

Disiki yakaleyo musaitaye msanga. Isungeni m'kabati kwa miyezi iwiri kapena itatu, chifukwa pamene mukukonza mayeso a teremu yotsatira mungakumbukire foda imene simunaikope, ndipo kabokosi ka USB koikamo disiki ya laputopu kangakuthandizeni kuyesanso kamodzi. Mukakhutira kuti zonse muli nazo, musaigulitse kapena kuisiya kwa mmisiri ngati chitsulo chotha ntchito, popeza maina ndi malikisi a ophunzira anu akadali pa mbalezo ndipo munthu wodziwa angawawerenge ndi zida zomwe ndatchulazi. Disiki yodwala siidalirika kufufuta ndi pulogalamu, choncho iboolereni ndi dirilo m'malo angapo podutsa pa mbalezo, mutavala zoteteza maso, chifukwa mbale za madisiki ambiri a laputopu ndi zagalasi ndipo zimathethekera kutali zikasweka.